Sikelo ya Nedson

Nedson Kachiwanda anachoka ku Dowa mu 1991 n'kuyamba ntchito yaulonda ku Kanengo. Ntchito itatha anagula sikelo yakale yoyezera anthu, n'kumakhala nayo pakhomo la msika wa Area 25. Anali wanthabwala, moti ena ankakwera sikeloyo pongofuna kuseka.

Tsiku lina mu 1996 panabwera atsikana atatu a sekondale. Mmodzi anali Mwiza, mwana wa a Chirambo, mkulu wa mpingo. Atangokwera, Nedson anakuwa: "Tsikani achemwali, mundithyolera sikelo!" Anzake aja anaseka mpaka kugwirana. Mwiza naye anaseka pang'ono.

Sabata yotsatira anabwera yekha. Kenako ankabwera Lolemba ndi Lachisanu lililonse, n'kumavula nsapato ndi juzi asanakwere. Kamuvi kakatsika, Nedson ankawomba m'manja: "Mwatsitsanso makilo awiri!" Mtsikanayo ankangoti, "Sizinakwane."

Pofika Okutobala siketi ankaimanga ndi pini, ndipo ankamva kuzizira dzuwa likuswa mtengo. Amayi ogulitsa tomato anayamba kunong'onezana kuti ndi Edzi. Nedson anakhulupirira, mpaka ankapukuta sikelo Mwiza akachoka.

Kenako Mwiza anakomoka m'kalasi. Patatha masabata atatu, bambo ake anabwera kumsika.

"Ndinu a sikelo?"

"Ndine, abambo."

"Magazi amuyeza kawiri, alibe kachilombo. Adokotala akuti ndi anorekisiya, matenda a m'maganizo. Munthu amaopa chakudya, amadziona wonenepa pomwe watsala mafupa okhaokha. Chakudya ankakulunga m'pepala n'kukataya, ife osadziwa. Akabweranso, chonde musamulole kukwera."

Nedson anafuna kuwauza zimene ananena tsiku lija, koma anangoti, "Ndamva, abambo."

Anakafunsa a Vaileti, namwino amene ankapemphera naye, ngati nthabwala ingadwalitse munthu. Iwo anati zoyambitsa matendawa zimakhala zambiri, si mawu a tsiku limodzi. Mtima wa Nedson sunakhale pansi.

Mwiza anamutumiza kwa azakhali ake ku Ekwendeni, amene ankakhala naye pambale mpaka amalize kudya. Anachira pang'onopang'ono, n'kubwereza Fomu 3. Nedson ankangomva izi kwa anthu. Kawiri anafika pageti la a Chirambo, ndipo kawiri konse anabwerera osagogoda. Mu 1999 banjalo linasamukira ku Mzuzu, iye asanapepese.