Zala za Bambo Hebden

Clifford Hebden anayendetsa basi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Atapuma ntchito anayamba kumakawedza pa dziwe la kuseri kwa mgodi wakale wa malasha. Ine ndimakhala pambali pake. Sitilankhulana kwambiri. Nsomba tikaikola timaiyang'ana, n'kuibwezera m'madzi.

Nyambo yake ndi chakudya chimene alimi a nsomba amathira m'maiwe mwawo, timibulu touma tonga nsawawa. Lachinayi lililonse amapita kusitolo ya mayi Noreen Pickersgill, koma sagula msanga. Amatapa m'thumba, kununkhiza, kuluma kamodzi ndi mano akutsogolo, kenako n'kuponya kena m'tambula ya madzi imene Noreen amamusungira pakauntala. Kakayandama, thumba lonselo walikana. Kukazizira amakananso tamafuta ambiri, akuti nsomba imakhuta msanga.

"Mwamaliza kundidyera katundu, madala?" amafunsa Noreen.

"Ndikuona ngati simunasakanizemo ta chaka chatha."

"Chakalekale m'sitolo muno ndinu nokha."

Timibulu touma sitibayika ndi mbedza. Timamangidwa ku mbedzayo ndi kamphira kakang'ono kwambiri, ndipo pamafunika zala zomvera. Pashelefu ina pamakhala tofewa ta m'chitini, tongobaya. Clifford ankatitcha phala la opanda mano, ndipo ankaseka aliyense wotigula, ngakhale ine.

Chaka chino nyamakazi inamugwira zala. Mu Okutobala, kuzizira kutangoyamba kwathu kuno, ndinamuona akulimbana ndi kamphira nthawi yaitali. Kanathawa. Anatenga kena, nakonso kanagwera m'udzu. Tsiku lonselo mbedza yake inalowa m'madzi kanayi kokha. Poweruka anakulunga zida zake pang'onopang'ono.

"Wilfred, mkamwini wako uja akufunabe ndodo yowedzera?" anandifunsa.

Mkazi wa Clifford anamwalira kale, ana ali kutali. Ndinadziwa kuti ndodoyo ikachoka, iye azingokhala pazenera kuwerenga mabasi odutsa.

Lachinayi ndinamuperekeza kusitolo. Ananunkhiza, analuma, anaponya m'tambula monga mwa masiku onse, koma thumba sanalinyamule. Noreen anayang'ana zala zotupazo, kenako anayang'ana ine. Anatembenuka n'kutsitsa chitini cha tofewa.

"Bambo Hebden, iti tangofika kumene. Anthu akundifunsa ngati tili bwino, ine sindidziwa. Tauni ino ilibe mphuno ina ngati yanu."

"Mwaganiza zondidyetsa phala?"

"Ayi, mungondiyesera. Tikakhala toipa ndibweze kwa eni ake."

Clifford anatsegula chitinicho. Ananunkhiza nthawi yaitali. Anafinya kamodzi, sikanaphwanyike. Anakaponya m'madzi, kanamira bwinobwino.

"Achulutsa mafuta pang'ono," anatero. "Komabe ndikatiyese, mungamanamize anthu."

"Ndiye nkhani yake imeneyo, madala."

Ine ndi Noreen tinkadziwa kuti zitini zimenezo zakhala pashelefupo kuyambira chilimwe. Mwina nayenso ankadziwa, poti pachivindikiro panali fumbi. Analipukuta ndi mkono wa jekete.

Loweruka kunacha ndi chifunga. Anabaya kambulu kamodzi, ndipo kanakhala pa mbedza pa ulendo woyamba womwewo. Anakayang'anitsitsa ngati kamulakwira, kenako anaponya. Tisanamalize tiyi wa m'fulasiki, ndodo inapindika. Analimbana nayo modekha, chingwe chikulira, mpaka nsombayo inafika m'mphepete. Inali yonenepa, ya mamba akuluakulu achikasu. Anachotsa mbedza, n'kugwirizira nsombayo m'madzi mpaka inapalasa yokha.

"Nanga bwanji?" ndinafunsa.

"Nsomba imodzi siuza munthu kanthu," anatero akupukuta manja pathalauza. "Noreen adikire. Izi zimafunika kuyesa nyengo yonse yozizira."

Anapisa m'chitini, anabaya kena, n'kuponya patali ndithu, pafupi ndi mabango a tsidya lina.