Waya wa pulagi

Injini yakale yopopera madzi kudimba la mbatatesi, imene apongozi anga anabwera nayo kuchokera ku Joni, inakana kulira. Iwo moto wa injini amauyesa ndi chala, choncho anandipatsa waya wa pulagi kuti ndigwire kunsonga iwo akukoka chingwe. Poopa shoko, ndinangotsina palabala pa wayayo, osati kunsonga.

"Mwamva kanthu, akamwini?"

"Ayi bambo, moto palibe."

Anandikhulupirira. Anamasula injini yonse, kupala mapointi, kuyanika koyilo padzuwa, osapeza vuto, uku mbatatesi zikufota. Atamanganso, anagwira okha kunsonga kuja, ine n'kukoka. Mkono wawo unagwedezeka mpaka paphewa, koma nkhope sanakwinye n'komwe.

"Moto unalipo kale," anatero mofatsa, akuyang'ana zala zanga. "Tisinthe pulagi. Zinazi akazi anu asamve."