Nesi Amene Anasiyidwa pa Maphunziro

Mayi wina wa ku Matawale ndi nesi wakalekale m'chipinda chounikira m'mimba ndi kamera. Dokotala asanatambasule dzanja, iwo amakhala atam'patsa kale chida. Anesi atsopano amawauza kuti, "Muziyang'ananso nkhope ya wodwala, osati kanema yekha."

Mwayi wa maphunziro utabwera, akuluakulu anawadumpha poti alibe digiri, n'kutumiza Aggie, nesi amene mayiwo anam'phunzitsa ntchito. Aggie atabwerako, wodwala wina anayamba kutaya magazi kamera ili m'mimba. Aggie anangouma, kachida kopanira mtsempha kali m'manja. Mayiwo anam'gwira chigongono n'kumunong'oneza kuti, "Panani tsopano, mwanangu." Magazi analeka.

"Mwaona phindu la maphunziro aja?" anatero dokotala, akuyamikira Aggie.

"Taona, adokotala," anayankha mayiwo, n'kunyamula paipi ya kamera kukatsuka.