Mkazi mnzanga wachitsulo

Anzanga ankachita nsanje ndi akazi a miyendo iwiri. Ine mkazi mnzanga anali sitima ya pamadzi, yonunkha dizilo, ndipo mpaka lero sindinaionepo ndi maso angawa.

Zinali m'zaka za m'ma 1970, tikukhala m'kafulati ku Etobicoke, ku Canada, ndege zikutidutsa pamutu tsiku lonse. Ine ndinkasamalira okalamba, amuna anga ankakonza mainjini pakampani ina yosunga katundu. Ndine ndinaiona ntchitoyo m'nyuzipepala, ndinenso ndinawakankha kuti akayese mwayi. Walira mvula walira matope.

Anawalemba kukhala okonza injini pasitima ina kunyanja yamchere, kum'mawa kwa Canada. Sitimayo inkaperekera chakudya, mapaipi ndi simenti kusitima ina yaikulu yoboola pansi pa nyanja kufunafuna mafuta. Inalinso ndi ntchito ina imene poyamba ndinaiyesa bodza. Chiphiri cha madzi oundana chikamayandama kulunjika pamene akuboolapo, iwo ankachizinga ndi chingwe n'kuchikokera kumbali ngati ng'ombe yolowa m'munda wa eni.

Ankapita milungu ingapo n'kubwera kudzapuma, koma lobweralo linali thupi lokha. Patebulo nkhani inali sitima. Tikatuluka m'tchalitchi azibambo ankawazungulira kukamwa kuli yasa, nkhani yake sitima yomweyo. Munthu wosadziwa kuti ine tiyi ndimamwa wopanda shuga, ankanyadira kuti injini ikangosintha kaliridwe pang'ono, amamva m'mafupa. Chithunzi cha sitimayo anachiika m'felemu n'kuchipachika pafupi ndi cha ukwati wathu, ndipo chinali chachikulu kuposa chathucho. Popukuta fumbi ndinkachidumpha dala. Nsanje ndinali nayo, sindibisa.

Nditakhala woyembekezera mwana wathu woyamba, ndinkangofuna chinthu chimodzi: tsiku lochira adzakhale pambali panga. Kuno kunalibe mayi anga, kunalibe achemwali. Amuna anga akulongedza chikwama cha ulendo womaliza ndinawafunsa.

"Bambo, mudzakhalapo koma?"

"Ndidzakhalapo, amayi, don't worry. Tchuthi ndabukitsa kale. Dzinanso ndalikonza, ndidzalitchula ndekha."

Kwathu mwana woyamba amamutcha dzina ndi bambo ake, choncho sindinafunse kuti dzinalo linali liti.

Tsiku loti afike, kunabwera foni yochokera kuofesi yawo. Mayi wina anandiuza mwaulemu kuti sitimayo yakola chiphiri chija ndipo singachisiye, komanso kunyanjako kwagwa chifunga moti helikopita singauluke. Anapepesa kawiri. Ndinaika foni pansi, n'kuyang'ana chithunzi chija pakhoma. Anandiposa mkazi mnzanga.

Kuchipatala anandiperekeza mayi wina wachikulire wa mumpingo mwathu, namwino wopuma pantchito. Ndi amene ndinawafinya dzanja, ndi amenenso anayamba kumunyamula mwanayo, wamkazi. M'mawa mwake anabweretsa pepala lolembetsera mwana kuboma, lili ndi mpata wa dzina.

Kwathu dzina limayankhula. Mayi akakhala ndi chakukhosi satukwana ayi, amangotcha mwana dzina loti wolakwayo azilimva tsiku ndi tsiku. Ndinatenga cholembera n'kulemba dzina la mtundu umenewo, lonena poyera kuti bambo ake anatisiya. Sindilitchula pano, mwini wake alipo.

Mayi aja atasuzumira anandigwira mkono.

"Mwanawe, pepalali amalola kupita nalo kunyumba. Dikira bambo ake. Usasayine uli ndi mkwiyo."

"Akatche dzina mwana wa sitimayo, amayi. Uyu ndi wanga."

Ndinasayina, ndipo mtima unakhala m'malo. Kunena zoona, ndinamva kukoma.

Amuna anga anafika patatha sabata ndi masiku, atawonda, zikhato zitang'ambikang'ambika ndi kuzizira. Sanavule n'komwe jekete. Anagwada pambali pa kabedi ka mwana, n'kutulutsa m'thumba kapepala kopindapinda kothimbirira ndi oyilo. Asanakatambasule, ine ndinawapatsa pepala la kuboma lija. Anawerenga, anawerenganso. Kenaka anabweza kapepala kawo m'thumba. Anamunyamula mwanayo n'kumuitana dzina ndinalemba lija, mwachifatse, ngati analisankha okha.

Ndinkayembekeza mkangano, mayankho ndinali nditawanola kale. Sunabwere. Pamenepo m'pamene manyazi anandigwira, koma madzi akatayika saoleka. Mwina maofesi akanalola kulisintha, koma iwo anali atalitchula kale, ndipo ine kunyada sikunandilole kupempha.

Nyengo yoboola itatha chaka chimenecho sanabwererenso kunyanja. Anabwerera kukampani yawo yakale, ndipo chithunzi cha sitima anachitsitsa okha. Ndinapambana. Koma munthuyo ankalitchula dzinalo m'mawa uliwonse pomudzutsa mwana, pomuitana kuti adzadye, pomuperekeza pokwerera basi ya sukulu. Anadzineneza yekha ndi pakamwa pake zaka zonsezo, osandidzudzula ngakhale kamodzi.

Mwanayo anakula akuyankha m'Chingerezi. Chichewa amamva pang'ono chabe, ndipo amauza anzake kuti dzina lake n'lokongola chifukwa cha mmene adadi ake ankalitchulira. Tsiku lina anawafunsa tanthauzo lake. Iwo anangomwetulira n'kuti, "Kafunse amayi ako, ndi amene anakusankhira." Mwanayo anaseka, naiwala, ndipo ine sindinamukumbutse.

Atamwalira amuna anga, ndikukonza katundu wawo, ndinachipeza chithunzi cha sitima chija pansi pa sutikesi. Ndinachitenga kuti ndikachitaye, nsanje yakale ija itadzukanso pa nkhalamba yaimvi. Kuseri kwa felemu kunagwa kapepala kopindapinda kothimbirira ndi oyilo. Dzina limene anakonzera mwana wathu, limene anayenda nalo m'thumba pasitima ija masiku onse a chifunga, linali langa la ubatizo.