Lachisanu limene ndinatseka foni

Ntchito ya udalaivala kwa a Jafali ndinaipeza kudzera mwa mnzanga wa kukwaya. Iye ankawotcherera zitsulo pakampani yawo yaing'ono ku Old Town, yoika mazenera ndi zitseko m'nyumba zatsopano. Atamva kuti dalaivala wakale akupuma, anandiuza tikutuluka m'tchalitchi kuti ndikaonekere Lolemba ndi laisensi yanga. A Jafali sanandifunse zambiri. Anandipatsa makiyi a pikapu, n'kukhala pambali panga, n'kundiuza kuti ndiwoloke mlatho, ndizungulire kumsika, ndibwerere. Titabwerako anati, "Simuthamanga, simutukwana a minibasi. Muyambe mawa." Kenaka anawonjezera mawu amene tsikulo ndinawatenga mopepuka: "Dalaivala wanga ndi galimoto ndi foni. Chimodzi chikasowa, ndilibe dalaivala."

Tsiku langa linkayamba hafu pasiti sikisi. Ndinkatsegula boneti, kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kuyang'ana madzi ndi mafuta a mabuleki, kuzungulira matayala onse pamodzi ndi la sipeya, kenaka kulemba makilomita m'buku la maulendo. Kuchoka apo ndinali wa aliyense: kukatenga a Jafali kwawo ku Area 14, kunyamula magalasi okulungidwa m'mabulangete kupita nawo kwa amisiri, kutula makalata ku City Centre. Amene ankandiuza kopita anali Mayi Mhango, oyang'anira ofesi, mayi a kumpoto amene anapuma m'boma, a tsitsi lotuwa ndi mawu otsika. Sankakalipa. Akati, "A Phiri, ndikukufunani 10 koloko," ndiye kuti 10 koloko.

Koma ine ndinali ndi ntchito ina yopanda malipiro. Ndakhala ndikupeka nyimbo kuyambira ndili kusekondale. Sindine woimba wa pawailesi. Nyimbo zanga zimathera kukwaya ndi m'mafoni a achibale. Tinkakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ina ku Area 47, ndipo situdiyo yanga inali pakona pa chipinda chogona: laputopu yakale, kabokosi kolumikizira gitala ndi maikolofoni, ndi mahedifoni omangidwa ndi selotepi. Pojambula mawu ndinkatsegula wadiropu, kupachika bulangete pazitseko zake, n'kumaimbira m'kati mwa madiresi a mkazi wanga kuti mawu asabwerere kuchokera kukhoma. Nthawi yake inali Lamlungu masana basi. Masiku enawo ndinkafika kunyumba msana utauma, gitala n'kungoiyang'ana. Lamlungu lomwelo agalu a eni nyumba ankauwa, ndipo magetsi akazima jenereta ya oyandikana nawo inkalira mpaka madzulo.

Tsiku lina ndikudikira a Jafali, mvula ikuopseza, ndinatseka mawindo onse a pikapu. Ndinamva chimene kunyumba ndinali ndisanachimvepo: bata. Ndinayesa kuimba mzere umodzi. Mipando inameza phokoso lonse, mawu n'kutuluka oyera ngati a m'situdiyo yolipira.

Lachisanu lililonse ndinkatula a Jafali kumzikiti 12 koloko, kenaka kukasiya nyama ndi ndiwo zina kunyumba kwawo. Akatuluka kumapemphero ankadya ndi abale awo kusitolo, choncho sankandifuna mpaka hafu pasiti thu. Ndinapeza kamsewu kena ku Area 14, ka mipanda italiitali ndi mitengo, kumene sikunkadutsa munthu masana. Gitala ndinkaijambuliratu kunyumba n'kuiika m'foni. M'galimoto ndinkapana kamaikolofoni kakang'ono pachotchingira dzuwa, kuvala mahedifoni, n'kumaimba motsata gitalayo. Vuto linali limodzi: munthu akaimba foni ndili m'kati, zimene ndajambula zinkaduka. Ndiye ndinkadina kachizindikiro ka ndege, kamene kamatseka foni kuti isalandire chilichonse. Ndinachita zimenezi miyezi ingapo popanda chovuta, ndipo kusagwidwa kunandilimbitsa mtima pachinthu cholakwika.

Sabata imene ndikunenayi inali ndi zinthu ziwiri. Loweruka kunali chinkhoswe cha mwana wanga woyamba, Tadala, ndipo ndinali nditamulonjeza nyimbo yakeyake. Gitala ndinali nditaijambula kale, koma chimfine chinandigwira pakhosi masabata awiri, mawu n'kudzatseguka Lachinayi. Chachiwiri chinali tenda. Ofesi ina ku City Centre inkafuna kampani yoika mazenera m'nyumba zake zatsopano, ndipo ife ntchito inali itatichepera moti amisiri ankabwera masiku atatu okha pasabata. Kwa amene sadziwa: mapepala onse a tenda amaikidwa m'envelopu yomata, n'kukaponyedwa m'bokosi la kuofesi yoitanayo. Nthawi ikakwana bokosi amalitseka. Wochedwa ndi mphindi imodzi amabwerera ndi envelopu yake, ngakhale atagwada. Yathuyi inkatsekedwa Lachisanu 2 koloko masana, ndipo zonse zinali zokonzeka kupatula kalata imodzi yochokera kubanki.

Lachisanulo ndikutuluka ndi a Jafali, Mayi Mhango anandiimitsa pakhomo. "A Phiri, kalata ija akuti ifika cha m'ma 1 koloko. Mukasiya katundu ku 14, mubwere kuno. Foni ikhale m'manja."

"Musadandaule, mayi," ndinatero.

Katundu ndinatula itatsala pang'ono kukwana hafu pasiti thwelofu. Ndikutuluka pageti ndinawerengera m'mutu. Nyimbo ndi ya mphindi zinayi. Ndikaimba kawiri, ndi mphindi khumi. Ndifika ku Old Town 1 koloko isanakwane. Ndinakhotera m'kamsewu kanga, kuzimitsa injini, kutseka mawindo, n'kudina kandege.

Ulendo woyamba ndinatsokomola. Wachiwiri ndinasokoneza mawu a ndime yomaliza. Wachitatu unali bwino, koma pamene ndimatchula dzina la Tadala mawu anatsika pang'ono, ndipo sindikanalola kuti atsike pamenepo. Aliyense amene anajambulapo akudziwa mmene nthawi imasowera: umangoti kamodzi kokha, kamodzi kokha. Thukuta linkatsika m'khosi chifukwa cha mawindo otseka. Ulendo wachisanu ndi chiwiri nyimbo inatuluka mmene ndinkaimvera m'mutu. Ndinaimvetsera yonse. Ndinaimvetseranso. Kenaka maso anga anagwera pawotchi ya padeshibodi. Inali 1:20.

Nditachotsa kandege, foni inanjenjemera m'manja osaleka. Onse anali mauthenga oti Mayi Mhango anandiimbira. Womaliza anali atalemba okha, mawu awiri: "Muli kuti?" Ndinawaimbira, sanayankhe. Ndinaimba kuofesi, anayankha mnzanga wowotcherera uja.

"Achimwene, mwatipha! Kalata inabwera msanga, isanakwane n'komwe 1 koloko. Mayi akudikirani mpaka atopa. Akwera kabaza."

"Ndani? Mayi Mhango?"

"Eya, njinga yamoto. Envelopu pachifuwa ngati mwana."

Mayi amenewa anali asanakwerepo njinga yamoto chibadwire. Ankanena poyera kuti angalole kuyenda wapansi kuchoka ku Old Town mpaka kwawo kusiyana n'kukwera chinthu chimenecho.

Kuwatsatira kunalibe phindu. Sindinkadziwa msewu umene adzera. Ndinapita molunjika ku City Centre, kuimika galimoto, n'kuima pageti ya ofesi ija. Inali 1:35. Anthu a makampani ena ankalowa ndi maenvelopu awo, n'kutuluka manja ali m'thumba. Njinga iliyonse yotulukira pakona ndinkaithamangira ndi maso. 1:45. Ndinaimbanso, foni inangolira. Ndinayamba kuganiza zoipa: minibasi, phula, envelopu itamwazika mumsewu. Mlonda wa pageti anandiyang'ana nati, "Bambo, ngati muli ndi chanu lowani. Kumtundako saseka." 1:50.

Mayi Mhango anatulukira itadutsa 1:53. Anatsika pang'onopang'ono, akutsimphina, duku litapendekeka. Ndinathamanga n'kutambasula manja kuti ndilandire envelopu, poti miyendo yanga inali yachangu.

"Ayi," anatero osandiyang'ana. "Ndikaponya ndekha."

Anakwera masitepe atagwira chitsulo cha m'mbali, ine ndikutsatira pambuyo ngati wopanda ntchito. Analemba dzina la kampani m'buku, n'kuponya envelopu. Patangopita mphindi zitatu, bambo wina anabwera ndi tepi n'kumata pakamwa pa bokosilo.

Panja anakhala pasitepe n'kukweza pang'ono mpendero wa siketi. Pakatumba pa mwendo wa kumanja panali bala la moto lalikulu ngati chikhatho, khungu litasupuka. Anandiuza kuti wanjinga anakhota mwadzidzidzi pozemba minibasi, mwendo n'kukanirira papaipi ya utsi. Iye anafuna kuima, iwo anamuuza kuti apitirire.

Ndinawatengera kuchipatala chaching'ono chapafupi. Tili m'njira anakweza maso n'kuona kamaikolofoni, kakadali kopanidwa pachotchingira dzuwa, chingwe chikulendewera.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinawauza zonse.

"Inatheka nyimboyo?"

"Inatheka, mayi."

"Ndiye bwino. Tonse tamaliza ntchito zathu lero."

Akanandikalipira ndikanapepukidwa.

Titafika kuofesi a Jafali anali atabwerera okha, ataimirira pakhomo, akadali ndi mkanjo wa kumapemphero. Anayang'ana bandeji, kenaka ine. Bodza linali pafupi kwambiri: netiweki, batire, tayala kuphulika. Madalaivala tonse timawadziwa mabodza amenewa. Anafunsa Mayi Mhango chimene chachitika, iwo anati, "Afunseni okha, bwana. Ali ndi pakamwa, ndipo pamagwira bwino ntchito." Ndinanena zoona, kuphatikizapo za miyezi yonse ija. A Jafali sanakweze mawu. Anatambasula dzanja, ine n'kuikamo makiyi.

"Pitani kuchinkhoswe chanu. Mubwere Lolemba, tidzaone ngati ndili ndi dalaivala."

Ndinabwerera ku Area 47 paminibasi. Mkazi wanga anali pakati pa mapoto obwereka ndi achibale ochokera kumudzi. Ndinamuitanira kuchipinda n'kumuuza. Anangoti, "Tadala asamve mpaka zithe." Ndinaika nyimbo ija m'laputopu kuti ndiilumikize ndi gitala. Inali yoyera kuposa chilichonse chimene ndinajambulapo. Kuseri kwa mawu anga kunalibe galu, kunalibe jenereta, kunalibe foni yolira. Ndipo ndinadziwa kuti bata limenelo ndi nthawi yomwe Mayi Mhango anali ataima pakhomo la ofesi, foni kukhutu, envelopu m'manja. Sindinathe kuipereka kwa mwana wanga.

Loweruka m'mawa ndinatsegula wadiropu, kupachika bulangete, n'kuimba kawiri kokha. Pandime yachiwiri galu wa eni nyumba analowamo. Ndinamusiya. Kuchinkhoswe anthu anaseka atamumva, m'bale wina wa kuchimuna n'kufuula kuti, "Apongozi ali ndi kwaya yawo!" Tadala analira ngakhale zinali choncho. Ine ndinkamwetulira, mutu uli ku Lolemba.

Lolemba ndinafika hafu pasiti sikisi monga mwa masiku onse, n'kukhala pabenchi panja chifukwa ndinalibe makiyi otsegulira boneti. A Jafali anabwera pagalimoto ya mng'ono wawo. Anandiitana 9 koloko, Mayi Mhango ali pomwepo, mwendo atausanjika pakatoni.

"Ine ndinali nditaganiza kale zokuchotsani," anatero a Jafali. "Lachisanu masana ine ndimapita kwa Mulungu. Galimoto siipita nane, imakhala ikadali pantchito. Inu munaisandutsa nyumba yanu. Koma amene anapsa ndi awa, ndiye ndawafunsa awa."

Mayi Mhango sanasiye kulemba. "Dalaivala watsopano adzandiwotcha mwendo winawu asanaphunzire," anatero. "Awa aphunzira kale. Ndipo ndikufuna wondiperekeza kukatsukitsa balali m'mawa uliwonse."

A Jafali anaika makiyi patebulo. "Kachipangizo kanu kaja kasalowenso m'galimoto yanga."

Ndinawaperekeza kuchipatala masabata atatu. Ulendo uliwonse ndinkadikira panja pa chitseko, ndipo ndinkamva mmene ankakokera mpweya namwino akamachotsa bandeji. Sanatchulenso za tsikulo. Kamodzi kokha anapempha kuti amve nyimbo ya Tadala. Ndinawaikira ya galu ija. Anamvetsera mpaka kumapeto nati, "Mawu muli nawo."

Tendayo inapita kwa ena, koma tinagonja titalowa nawo m'bwalo, osati pageti. Ndikadali kwa a Jafali. Nyimbo sindinasiye. M'thumba la malaya ndimayenda ndi kabuku ndi pensulo, ndipo mzere ukandibwerera ndikudikira munthu, ndimaulemba foni ili yotsegula pambali panga. Ikalira, mzere umadikira. Kujambula ndi kwa Lamlungu masana, m'wadiropu. Nyimbo zimatuluka zochepa pachaka, ndipo pafupifupi iliyonse ili ndi galu kapena jenereta penapake.

Yoyera ija sindinaifufute. Ili m'laputopu, ndipo palibe wina anaimvapo. Lachisanu likandipeza m'kamsewu kachete, nyimbo yatsopano ili pakhosi, ndimakumbukira mmene imamvekera, n'kuyang'ana ngati foni ili yotsegula, n'kuliza injini.