Masamba Awiri Omata ndi Phala

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga. Ine ndi imvi zangazi ndinakhulupirirapo kuti olemba mabuku a ana amayenda m'midzi mobisa, kumvetsera kuseri kwa nkhokwe, kenako n'kukajambula za eni ake. Musafulumire kuseka. Sukulu ndinalekezera sitandade 3, komanso umboni ndinali nawo.

Mdzukulu wanga wamkazi, wa sitandade 1, anabwera ndi buku m'jumbo, lobwereka kwa aphunzitsi ake sabata yonse. Zithunzi zikuluzikulu, timawu pang'ono pansi pake, saizi yanga ndithu. Tinakhala pakhonde, ine chala pamzere. Tsamba loyamba, bambo ndi mayi m'nyumba ya zii, yopanda mwana. Lachiwiri, nkhalamba ya chipewa chopindika, mbuzi ili chomangidwa pamtengo wa mango. Ndinayang'ana mango wanga, ndinayang'ana mbuzi yanga, ndinagwira chipewa. Lachitatu, namwino akupereka khanda kwa mayi uja, khanda loti sanabereke iye.

Ndinatseka buku, ndati maso akuwawa.

Mundimvetse. Mwana wathu wamkazi anakhala zaka pabanja osaona mphatso. Mdzukuluyu anakamutenga kuchipatala cha mishoni ali wa masabata ochepa, mayi ake omubereka atamwalira, abale osapezeka, zikalata za boma zonse zili m'malo. Mwanayo tinali tisanamuuze. Amayi akunyumba ankati akuleko kaye. Ine ndinkati asadzamve n'komwe, poopa kuti akadzamva adzaleka kundikwera pamsana, adzayamba kundipatsa moni wogwada ngati ndine mlendo wodzagula nandolo.

Nanga anaulula ndani? Ndinayamba kuwerenga anthu pazala. Mlamu wanga, amene nkhani imamuyabwa ngati chitedze. Akatekisiti. Koma mbuziyo wojambulayo anadzaiona liti? Ya m'buku inali ndi banga pamphumi, yanga ilibe. Ndinati amenewo ndi machenjera awo obisira mapazi.

M'mawa mwake mwana atapita kusukulu, ndinatapa phala lomwe anasiya m'bakuli, ndinamata tsamba lachitatu ndi lachinayi, n'kulikhalira bukulo kuti ligwire. Chakumasana ndinakwera kabaza wa ku Milepa. Kusukuluko ndinafika ana ataweruka.

"Madamu, nkhani ya pakhomo panga anakupatsani ndani?"

Aphunzitsiwo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga womaliza, anandimvetsera mpaka kumapeto osaseka, ngakhale mapewa ankagwedezeka. Kenako anatsegula katoni. Mabuku omwewo ndi omwewo, nkhalamba ya chipewa pena paliponse.

"Agogo, wojambula bukuli sadziwa n'komwe kuti Milepa ili kuti. Mbuzi ndi mango zili ponseponse. Ana ochita kuleredwa ndi ena nawonso."

"Ndiye zinthu zoterezi amauza ana dala?"

"Analembera zomwezo, kuti akuluakulu mupeze poyambira."

Ndinabwerera wapansi, ndikudzifunsa kuti makomo ena angati m'njiramo ali ndi tsamba lawo lachitatu.

Kunyumba ndinapeza mdzukulu ali pakhonde, buku pamiyendo, nyerere zili mzere kulowa m'kati.

"Agogo, mwalitani buku la eni ake?"

"Mwina ndi mbuzi."

"Mbuzi sidziwa kumata." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Mwatseka pabwino penipeni. Apapa ndi pamene mwana amapita kwawo."

Nanga si aphunzitsi anali atawawerengera kale m'kalasi. Masamba anga omatawo anandifotokozera onse ndi pakamwa, amene analira, amene anavina, galu amene ananunkhiza khanda. Atamaliza anandiyang'ana.

"Nanga ine ndinabwera bwanji pano?"

"Panjinga."

Ilo silinali bodza. Ndinapalasa ndine tsikulo, mayi ake ali pakaliyala atamufungata m'shawelo, ine ndikuyenda pang'onopang'ono mpaka amayi osenza nkhuni ankatipitirira.

"Kuchokera kuti?"

Ndinayamba kufunafuna chipewa changa. Chinali kumutu. Mwanayo sanaseke, anangotenga buku lake n'kukakhala kuseri kwa nyumba, ndipo nditamuitana anayankha kuti "wawa", mawu amene sanandiyankhepo chibadwire.

Madzulo ake amayi akunyumba anatereka ketulo, n'kugwira bukulo pamwamba pa nthunzi, akumatula masamba aja ndi nthenga ya nkhuku. Nkhope ya namwino inasupuka pang'ono, koma khanda linatuluka lathunthu. Analankhula osandiyang'ana.

"Mawa muitane mayi ake ndi bambo ake, tiyale mphasa, timuuze tonse asanakamve kuchitsime. Ndipo inu bambo, bukuli mukawerenga ndinu, ndi chala chanucho, osalumpha tsamba."