Amalume Anangoti Mailo

Ndikukumbukira njinga yamoto ya atate kwathu ku Ndake, chinjinga chofiira cholemera ngati ng'ombe. Chaka chimene ndinali mu giredi folo, mashoku ake akumbuyo anatheratu. Ikagunda kadzenje, wokwera kumbuyo ankamva mpaka m'mano. Atate anagula ena ku Nyimba nati asintha okha. Koma kuti amasule akalewo, tayala lakumbuyo linayenera kulendewera, ndipo jeke tinalibe.

Nzeru yawo inali yoponya chingwe pamtanda wa m'chigafa chimene tinkasungiramo thonje, n'kukoka njingayo. Tsoka lake, mtandawo chiswe chinali chitaudya m'kati, kunja uli bwinobwino. Amalume anali atalonjeza kuuchotsa n'kuikapo wina wochokera panyumba yathu yakale, wakuda chimodzimodzi.

"Esinati, thamanga kumunda ukafunse amalume ako ngati mtanda uja anasintha," anandituma atate.

Ine liwiro ndinali nalo, koma kudekha ayi. Ndinawaona chapatali akutola thonje, ndipo ndinaima pachulu n'kukuwa funso langa. Iwo osatembenuka n'komwe anangoponya liwu limodzi: "Mailo!"

Kwathu dzulo ndi mailo, mawanso ndi mailo. Umadziwa ndi mawu oyandikana nawo, ndipo amalume sanandipatse ena. Otsalawo ndinadzazira ndekha m'njira. "Akuti anasintha mailo," ndinauza atate ndikupumira m'mwamba, ndikudziona ngati mwana wotumika.

Anamanga chingwe kukaliyala, natchinga tayala lakutsogolo ndi miyala. Iwo ndi amai anakoka mpaka kumbuyo kwa njinga kunanyamuka, n'kumangirira kunsanamira. Kenaka atate anayala saka, nagona chagada pansi pake, sipanala ili m'manja. M'chigafamo munkanunkha petulo ndi thonje latsopano.

Atangomasula bawuti yachiwiri, ndinaona kafumbi konga ufa kakutsikira pachifuwa pawo. Ndinakweza maso. Pamtandapo panali kachidutswa ka chingwe cha katungwe kathu, kamene ndinamanga ndekha nthawi ya mango. Unali mtanda womwe uja.

Ndiyenera kuvomera kuti sindinakuwe msanga. Ndinayamba ndaganiza za chikoti, atate ali pansi pa chitsulo chonsecho, ndipo manyazi a kamphindi kameneko ndili nawobe. Mtanda unalira kamodzi, tsee.

"Atate, amalume sanakambe kuti anasintha. Anangokamba kuti mailo."

Sipanala inaima. Dzanja lawo linali pakati pa tayala ndi chitsulo cha njinga, ndipo kulisolola mwamphamvu kukanagwedeza chingwe. Analankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa khanda.

"Amake Esinati, bweletsani mtondo. Pang'onopang'ono, musagunde nsanamila."

Amai anaugubuduza, ine ndikukankha nawo, n'kuulowetsa pansi pa injini. Atate anasolola dzanja, nayamba kudzikoka ndi zidendene. Mutu unatuluka, mapewa, chiuno. Mapazi asanadutse miyala ija, mtanda unathyoka. Njinga inakhalira mtondo, mtondo unang'ambika pakati, ndipo chinjinga chonse chinagwera pasaka paja. Chopondera chake chinaboola saka n'kulowa m'dothi, chitawaphonya atate pang'onong'ono.

Sanandimenye, ndipo ndinkalakalaka akanatero. Anangokhala pakhonde, akumwa madzi amene amai anawapatsa. Dzuwa litapendeka tinamva likhweru kunjira. Anali amalume, atasenza mtanda wabwino uja paphewa.

"Ndautenga lelo kuti mailo tisacedwe," anatero akumwetulira. Ataona nkhope zathu anautsitsa pansi mwakachetechete.

Masiku ano okonza njinga kuno ku Petauke ali ndi zitsulo zokwezera, ndipo funso ngati lija limapita pafoni, palibe mwana wothamangira kumunda. Koma ana anga amadandaula kuti ndine mai wovuta. Wina akangoti mailo, ndimamugwira dzanja mpaka amalize mawu ake onse. Iwo amaseka, ine sindiseka.